Nkhuku ya Madamu

Mpaka lero, chiperoni chikangoyamba kutsika m'mapiri, ndimaliona thadzi lija lili m'manja mwa amayi. Linali lofiira, lonenepa bwino, miyendo yake itamangidwa ndi luzi la nthochi, likungophethira. Amayi anali atagwada pa dothi lonyowa kutsogolo kwa nyumba yathu ya m'malaini a paesiteti, manja onse awiri atawatambasula, nkhuku ili pamwamba. Patsogolo pawo panakhala mzimayi wachizungu wochokera ku Falansa, akumwetulira, akupukusa mutu. Papita zaka zambiri, ine ndakula, ndili ndi ana anga, koma ndikakumbukira kumwetulira kumene kuja mtima umandiwira. Anthu amandiuza kuti ndizikhululuka poti mzimayiyo sankadziwa. Chabwino, sankadziwa. Koma kusadziwa kwakeko kunawalanda sukulu achemwali anga, ndipo ine ndilibe mtima wa mngelo.

Inali miyezi ija yozizira imene tiyi amasiya kuphuka ndipo esiteti imayamba kudulira mitengo yake. Amene sanakulire ku Thyolo amaganiza kuti minda ya tiyi imakhala biriwiri chaka chonse monga amaionera pa kalendala. Bodza limenelo. Nthawi ya puluningi, monga ankanenera akapitawo, minda ina inkangotsala zitsa zakuda, zonyowa, nkhungu itakhala pamwamba pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mvula ya chiperoni siigwa, imangouluka, koma imalowa mpaka m'mafupa. Tinkapita kusukulu tikunjenjemera, manja m'khwapa, mapazi atachita ming'alu, ena atanyamula mwala wotentha wokulunga m'kansanza, ndipo pa buleki tinkasewera fulaye osati chifukwa chosangalala koma kuti magazi ayende. Fungo la nyengo imeneyo ndi utsi wa nthambi za tiyi zosauma bwino zimene tinkatola kuti zikhale nkhuni, fungo la bulugamu wonyowa, ndi fungo lija lotsekemera, lowola pang'ono, lochokera ku fakitale mphepo ikatembenuka. Ntchito inkachepa. Amayi, amene nthawi ya mvula ankathyola tiyi kuyambira wezulo wam'mawa akangolira mpaka msana kuuma, ankangoitanidwa masiku ena okha. Tinkakhalira chinangwa, nthochi zophika ndi kalongonda, nyemba zija zimene umaziphika tsiku lonse n'kumataya madzi, chifukwa ukafulumira nazo zimazunguza mutu.

Kalongonda umadya kwa munthu amene umamukhulupirira, ndipo apa ndi pamene panali bala la amayi. Bambo athu anali atamwalira chaka chapitacho, atangodwala masiku ochepa, ndipo m'malaini, momwe khoma la nyumba yanu ndi khomanso la anansi anu, manong'onong'o sachedwa. Palibe anabwera kudzanena pamaso kuti amayi anadya mwamuna wawo. Anthu akwathu sachita choncho, amangosiya kulandira mbale yako. Kwathu kuno mbale imayenda. Ukaphika chabwino umatuma mwana kuti akapereke khomo linalo, ndipo mbaleyo siibwerera yopanda kanthu, mumabwera kaya timapeyala, kaya kamchere. Akuluakulu amati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Wotumidwa ndinali ine, choncho ndine mboni. Mbale ya kalongonda imene ndinkapita nayo kwa amake Lusiya, anansi athu a khomo loyandikana, inayamba kubwerera ili yodzaza, eti iwo angodya kumene. Kenaka makomo enanso anayamba kukhuta. Amayi ankailandira mbaleyo n'kuivundikira. Munthu akakana chako, ankatiuza, sanakane chakudyacho, wakana dzanja lako.

Ndi m'nyengo imeneyi pamene tinamva kusukulu kuti kukubwera azungu a ku Falansa ndi thandizo. Ankati abweretsa madesiki, mabuku ndi mipira, komanso, nkhani imene inatekesa malaini onse, asankha mwana mmodzi wa sitandade 8 woti amulipirire sekondale yogonera konko ku Blantyre. Mwana wa wothyola tiyi kupita ku sekondale yogonera! Ambiri a ife njira yathu inali yodziwika kale: kumaliza pulayimale ngati wamaliza, kenaka dengu kumsana. Ahedi anapereka ntchito yokonzekera alendo kwa aphunzitsi a Mulepa, poti ndi iwo okha amene analawako Chifalansa ku sekondale. A Mulepa anali munthu wamfupi, wa jekete imodzi yomweyo yabulawuni, wokonda kuyenda ndi kamtengo ka bulugamu. Anabadwira m'mudzi wa tsidya la mtsinje, mayi awo anali Alomwe ngati amayi athu, koma kungoyambira tsiku limene anapatsidwa ntchito imeneyi anayamba kuyankhulira m'mphuno ngakhale pogula mandasi. Masamu anaima. Sayansi inaima. Sukulu yonse, kuyambira ife a sitandade 4 mpaka akuluakulu, tinkasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala kuphunzira kuthokoza.

Mawu ake ndimawakumbukirabe, chifukwa ena analowa ndi chikwapu. A Mulepa ankakuwa liwu la Chifalansa, ife n'kuyankha la Chingerezi, kenaka n'kutembenuza. Iwo akati cadeau, limene pakamwa pathu linkatuluka kuti kado, ife tonse, gift! Akati don, mphuno itatsinidwa ngati munthu wa chimfine, ife, donation! Akati donner, ife, to give! Akati généreux, liwu limene linatithyola nsagwada, ife, generous! Panalinso talent, limene pa bolodi linkaoneka chimodzimodzi ndi la Chingerezi, koma ukalitchula Chingerezi unkalandira bulugamu m'miyendo, ndi douée, gifted, lonenera mtsikana waluso. Pomaliza, merci beaucoup, thank you very much, mokweza, mano onse panja. La Chichewa sankalitchula n'komwe, ngati kuti liwu loti mphatso linali ndi nsabwe. Koma abale inu, ife amene tinkadziwa kugawana chinangwa chimodzi gulu lonse, tinkafunika kuphunzitsidwa ndi chikwapu kuti kupatsa n'chiyani? Ndipo taonani mmene mawuwo anagawidwira. Onse onena za kupatsa ndi kuwolowa manja anali onenera alendowo. Lathu linali merci basi. Panthawiyo sindinazione zimenezi, ndinkangoteteza miyendo yanga.

Achemwali anga a Esinati okha ndi amene sanalaweko bulugamu uja. Anali mu sitandade 8, aatali, owonda, a khutu lakuthwa moti liwu akangolimva kamodzi, lawo basi. Ankatha kutengera mayankhulidwe a aliyense, kaya a kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, kaya a abusa, kaya a manijala wa esiteti akakwiya, ndipo pa mpope azimayi ankaseka mpaka kutaya madzi. Chifalansa chinawalowa mosavuta n'komwe. Sipanapite nthawi anali atawatha mawu onse amene aphunzitsi anali nawo, n'kuyamba kufunsa ena amene aphunzitsiwo analibe. Tikapita kukatola nkhuni ankayankhula ndi zitsa za tiyi m'Chifalansa. Tikamasewera phada, mwala uliwonse umene andidyera ankati kado, ine n'kumalira. Ngakhale thadzi lathu lofiira, limene linali chuma chokha cha pakhomo pathu poti mazira ake ndiwo ankatigulira sopo ndi mchere, likaikira ankaligwadira n'kulithokoza kuti merci beaucoup. Ankafuna kudzakhala namwino, ndipo sankabisa. Amayi ankawayang'ana akuloweza mawu uku akusenda chinangwa, n'kunena m'Chilomwe kuti mwana uyu sadzasenza dengu.

Tsiku la alendo kunacha ndi nkhungu yoti mnzako ali apo umangomumva mawu. Tinasesa bwalo, tinapaka miyala laimu, tinaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo magalimoto anafika masana, ife milomo itauma gwa ndi kuzizira. Mtsogoleri wawo anali mzimayi wa imvi, wa tsitsi lodulidwa lalifupi, amene tinauzidwa kuti tizimutchula Madamu. Makatoni anatsitsidwa. Kenaka kunabwera nkhani ya zithunzi, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kudana ndi tsikulo. A Mulepa anayenda pamzere akutisankha. Ana a akalaliki ndi a akapitawo, amene anali ndi nsapato ndi majuzi, anawakankhira kumbuyo. Ife a madiresi ong'ambika ndi mapazi a ming'alu anatikokera kutsogolo, ine pakati penipeni, chifukwa diresi langa linali ndi chigamba cha mtundu wina pamimba. Amayi anali atachisoka bwinobwino chigamba chimenecho kuti ndisachite manyazi, koma tsiku limenelo ndi chimene chinandipezera malo aulemu. Anandipatsa mpira kuti ndiukweze m'mwamba, tinakuwa merci beaucoup, kamera inaphethira, ndipo mpirawo unalandidwa n'kubwerera m'katoni. Ndinadzauonanso patapita miyezi, ukumenyedwa ndi ana a ahedi kuseri kwa nyumba yawo.

Kenaka achemwali anaima pakati pa bwalo, m'manja mulibe pepala. Anayankhula Chifalansa chimene anaphunzitsidwa, n'kuwonjezerapo china chimene anatola okha kwa alendowo pamene ankatsitsa makatoni. Madamu anavula magalasi. Anatchula chiganizo chachitali kuti awayese, achemwali anachibwereza chonse osaphonya, mpaka ndi kakuseka kake komwe. Anatchula china, chimodzimodzi. Ndinamva ndi makutu anga Madamu akuuza anzake liwu lija douée, ndipo ine, kamwana ka sitandade 4, ndinalizindikira, ndinafuna kukuwa kuti gifted, ndi achemwali anga amenewo! Tisanaweruke ahedi analengeza kuti wosankhidwa ndi Esinati, ndipo Madamu mwiniwake adzabwera kunyumba Loweruka kudzaonana ndi kholo. Tinathamanga njira yonse ya m'minda, tikugwa m'matope n'kudzuka. Amayi titawauza anakhala pansi pakhonde, anagwira pakamwa, kenaka anaimirira n'kuimba nthungululu mokweza kuti malaini onse amve. Kuyambira maliro a bambo ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu chonchija.

Masiku otsalawo amayi sanapume. Anazira khonde ndi dothi lakuda la kudambo, anakwecha mapoto ndi phulusa, anakabwereka mpando kwa mkulu wa mpingo. Za mphatso panalibe zokambirana. Munthu amene akudzatenga mwana wako kuti akamulere, akamudyetse, akamuveke, si mlendo wamba, akusanduka mbale wako, ndipo ubale sumangidwa ndi pakamwa pokha. Umamupatsa chamoyo, chimene ukachipereka pakhomo pamaoneka kuti pachoka kanthu. Iye akachilandira ndiye kuti wavomera kuti nawenso ndiwe munthu, kuti mawa mwana akadwala uli ndi nkhope yopita kukafunsa, ndipo iyenso ali ndi nkhope yobwera kudzadya kwanu. Kaya akaipha nkhukuyo, kaya aipatsa dalaivala wake pokhota msewu, zimenezo n'zake. Chachikulu n'chakuti wailandira. Ine ndinalira pomva kuti thadzi likupita, ndinafunsa kuti nanga sopo tizigula ndi chiyani. Amayi anandiyankha kuti kupatsa n'kuika, ndipo anandituma kukang'amba luzi pa nthochi ya kuseri.

Loweruka lija malaini onse anali pakhomo pathu, ngakhale okhuta aja. Amake Lusiya anaima kutsogolo, manja m'chiuno. Galimoto inaima kumsewu wa mathirakitala, Madamu anatsika ndi a Mulepa omumasulira, anakhala pa mpando wobwereka uja, ndipo zokambirana zinayenda bwino: sukulu yake, yunifolomu, nthawi yonyamukira. Amayi anavomera zonse. Kenaka analowa m'nyumba, anatuluka ndi thadzi, anagwada, n'kutambasula manja awiri. Madamu anadzidzimuka, anaseka, anakweza zikhatho, non, non, non. Amayi anaganiza kuti ndi kukana kwa ulemu kuja kumene tonse timayamba nako, choncho anasendera pafupi ndi mawondo. Madamu anaikankha nkhukuyo pang'onopang'ono kubwerera pachifuwa pa amayi, akuyankhula mokoma, akuloza ine, akuloza chigamba changa. A Mulepa anamasulira osasiya kanthu: "Akuti sangalandire. Akuti inu ndi amene mukuisowa, ana anuwa azidya mazira. Iwo abwera kudzapereka, osati kudzatenga." Amayi anatambasulanso manja. Pamenepo Madamu anavula sikafu ya m'khosi mwake, anawakoleka amayi ali chigwadire, n'kuwasisita paphewa monga umachitira ndi mwana amene wagwa. Kumbuyo kwanga ndinamva amake Lusiya akuuza mnzawo, osanong'ona n'komwe: "Mwaonatu, ngakhale mzungu waopa."

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, matope ali m'mawondo. Nkhope yawo inali phee, ndipo ine amene ndinkawadziwa ndinachita mantha kuposa akanakhala kuti akukalipa. Anavula sikafu ija, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pamiyendo ya Madamu. Anamasula luzi, thadzi linathawira kuseri. Kenaka anayankhula ndi a Mulepa, osamuyang'ana mlendoyo: "Aphunzitsi, auzeni kuti mwana wanga sapita. Munthu wokana nkhuku yanga sangatenge mwana wanga." Achemwali anakuwa, anagwa pansi, anawagwira mwendo amayi, anapempha m'Chichewa, anapempha m'Chilomwe. Madamu ankayang'ana uku ndi uku, nkhope itafiira, akufunsa kuti chalakwika n'chiyani. Ndipo a Mulepa, amene anabadwira tsidya la mtsinje pomwepa, amene mayi awo omwe akanachita chimodzimodzi, anangoseka kaseko ka manyazi, anamuuza timawu tachidule, n'kumuperekeza ku galimoto. Akanangotambasula manja awo n'kuilandira nkhukuyo m'malo mwa mlendo, monga amachitira aliyense woperekeza mlendo kwathu kuno, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anachita manyazi ndi nkhuku pamaso pa mzungu. Mwinanso anaopa kuti iwadetsera jekete.

Sabata yotsatira a Mulepa anabweranso okha, ahedi atawatuma. Anawauza amayi kuti asawononge tsogolo la mwana chifukwa cha zachikale, kuti Madamu analibe mtima woipa, kuti kwawoko kutenga chakudya kwa munthu wosauka n'chinthu chochititsa manyazi. Amayi anamvetsera akupeta nandolo. Atatha anati: "Ngati analibe mtima woipa, abwere adzatenge nkhuku yawo. Akaitenga, Esinati atsatira." Khomo linali limenelo, lotseguka, ndipo Madamu anali adakali ku Blantyre, ulendo woti munthu atha kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. A Mulepa anaseka. Anati mzungu wa maphunziro ake sangawotche mafuta kubwera kuno chifukwa cha thadzi, ndipo iwo sangakanene zoseketsa zoterozo. Uthengawo sanaupereke. Tinadzamva pambuyo pake kuti anakangonena kuti kholo lakana, ndi anthu osafuna sukulu. Madamu nayenso sanafunse kawiri. Munthu amene anawoloka nyanja kudzafuna mwana waluso, atamupeza, analephera kubwerera kamtunda kameneko kudzafunsa mwini mwana kuti ndalakwa chiyani. Malo a achemwali anaperekedwa kwa mwana wa kapitawo wina, amene ngakhale kado yemweyo ankalephera kumutchula.

Achemwali anasiya kutengera mayankhulidwe a anthu, pa mpope ankangotunga madzi n'kubwerera. Ndi amayi ankangoyankhulana za mchere ndi nkhuni. Tsiku lina tikusewera phada ndinawadyera mwala, ndipo pofuna kuwaseketsa ndinati kado. Anandiwomba khofi limene ndimalimvabe, kenaka anataya miyala yonse m'tiyi, ndipo Chifalansa sichinamvekenso pakhomo pathu. Mayeso analemba, anakhoza bwino, koma wowalipirira panalibe. Anakhala pakhomo, akuthandiza uku ndi uku, mpaka msinkhu utakwana, n'kutenga dengu lija amayi ankati sadzalisenza.

Thadzi lija amayi analetsa kuti lisaphedwe, lisagulitsidwe, ngakhale dzira lake lisadyedwe. Ankati chimene wapereka si chakonso, iyi ndi nkhuku ya Madamu, ife tikungowasungira. Choncho linafungatira, linaswa anapiye, anapiyewo anakula n'kuswa awo, ndipo pofika miyezi ya njala pakhomo pathu panali gulu la nkhuku zonenepa za mzungu amene sankadziwa n'komwe kuti ali nazo, ife tikugona ndi nthochi zosakhwima m'mimba, tikusamba opanda sopo. Koma amayi inu! Nkhuku zimenezo ndinkadana nazo ngati anthu. Loweruka lililonse amayi ankasesa pakhomo mosamala kuposa masiku ena, ndipo galimoto ikamveka kumsewu wa mathirakitala ankasiya chimene akuchita n'kumvetsera. Sankanena kuti akudikira ndani, ifenso sitinkafunsa. Chilimwe chotsatira kunabwera chitopa, ndipo m'masiku ochepa zonse zinatha, ndi thadzi lofiira lomwe. Amayi anazikwirira kuseri kwa nthochi, sanalole kuti tidyeko ngakhale imodzi.

Mkwiyo wanga ndakhala ndikuyesa kuugawa pakati pa anthu atatuwa, koma sugawika mofanana. A Mulepa ndimawapatsa gawo lalikulu, Mulungu awakhululukire komwe aliko, ine ayi. Iwo ankadziwa mbali zonse ziwiri. Anatha masabata akutimenyera cadeau ndi don ndi généreux, koma analephera kumuphunzitsa mlendo mmodzi chinthu chimene mwana aliyense wa m'malaini ankachidziwa. Madamu ndimamusungira gawo lake. Anthu amati anali wachifundo, ndipo mwina n'zoona, koma chifundo chimene chimafuna kuti dzanja lake likhale pamwamba nthawi zonse, ine ndimachitcha kunyada. Anationa ngati dzenje loponyamo zinthu. Ndipo amayi, amayi anga ondibereka, nawonso ndinawakwiyira zaka zambiri, chifukwa ulemu wawo anauteteza ndi tsogolo la mwana amene sanafunsidwe. Nditakula ndinawafunsa kamodzi ngati sanong'oneza bondo. Anali atakalamba, maso atayamba kuchita khungu. Anati tsiku lililonse. Kenaka anati, koma iwe, ukanamupereka mwana wako kwa munthu amene sakhudza chochokera m'dzanja lako?

Malaini aja ena anawagwetsa, mtengo wa mapeyala wa kusukulu unadulidwa, ndipo ndikumva kuti ana a masiku ano alendo akamabwera amaphunzitsidwa kuthokoza m'zinenero zinanso. Achemwali akuthyolabe tiyi. Zala zawo zinauma n'kuda m'nsonga, msana unapindika, koma khutu lija likadalipo, pang'onopang'ono anayambiranso kutengera mayankhulidwe a akapitawo mpaka anzawo kufa ndi phwete. Ine ndimasoka zovala ku Limbe, ndimakhala m'kanyumba ka lendi kopanda bwalo, kopanda khola, landilodi wake wosafuna ngakhale mphaka. Chiperoni chathachi ndinapita kukawaona. Pamene ndinkatsanzika anazungulira kuseri, ndinamva nkhuku ikulira, ndipo anatulukira ndi thadzi lomangidwa miyendo ndi luzi la nthochi. Ndinkadziwa kuti khola lawo ndi la nkhuku ziwiri zokha. Ndinkadziwa kuti ana awo akusowa sopo. Mawu oti ayi achemwali, sungani, inu ndi amene mukuisowa, anafika mpaka pammero, mawu omwe aja, ndipo ndinachita nawo mantha. Achemwali anandiyang'ana m'maso n'kunena liwu limene ndinali ndisanalimve pakamwa pawo chichokere tsiku la khofi lija: "Kado." Ndinagwada, ndinatambasula manja onse awiri. Nkhukuyo ndinayenda nayo pamiyendo m'minibasi kuchokera ku Luchenza mpaka ku Limbe, inandinyerera chitenje chatsopano, anthu anandiseka, ndipo sindinaisiye.